KODI TSABOLA WAKALE SAWAWA?

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za ukalamba, ndipo miyambiyo siimvana. Wina uti, "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto". Ndiko kunena kuti mlandu wolusa ngati moto wa m'thengo ukafika kwa akulu uzirala. Koma wina uti, "Tsabola wakale sawawa". Ndiko kunena kuti cinthu cikakhalitsa mphamvu yace itha, ndipo sicithandizanso munthu. Miyambi yonse iwiri inacokera kwa anthu amodzimodzi, ndipo yonse iwiri ikali kumveka m'midzi yathu kufikira lero.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu akakalamba, mtengo wace utsika kapena ukwera? Ndipo ngati tiyenera kulemekeza okalamba, tiwalemekeza cifukwa ninji? Funso limeneli si la m'sukulu mokha ai. Pakuti monga mudzi uliyankha, momwemonso nkhalamba za m'mudzimo zidzagona zokhuta kapena ndi njala, pamtendere kapena ndi mantha. Pofuna kuliyankha ndikupemphani, owerenga anga, kuti tiyambe takweza maso kumwamba. Cifukwa nyenyezi nazonso zibadwa, zikula, zikalamba ndi kufa, ndipo ukalamba wao uli nazo zotiphunzitsa.

Mudzi wa Nyenyezi ndi Nkhalamba Zace

Mlalang'amba, mseu woyera uja udutsa thambo usiku, ndiwo mudzi wa nyenyezi umene dzuwa lathu likhalamo. Muli nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. Maonekedwe ace ali ngati licero, lotambalala ndi lophwathalala. Ife tili m'kati mwa licerolo, ndico cifukwa cace tiliona ngati mseu. Kuunika kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma kuti kudutse licero limeneli kufuna zaka monga 100,000.

Pozinga licerolo, pamwamba ndi pansi pomwe, pali dera lina lalikulu lobulungira ngati mpira, m'mene nyenyezi zikhala patalipatali. Akatswiri a zakuthambo alicha dera limeneli halo, ndilo dzina limene Angerezi acha mkombero uja uoneka nthawi zina pozinga mwezi. M'menemo ndimo mukhala nkhalamba za Mlalang'amba, monga muja nyumba za agogo zitsalira kumapeto kwa mudzi pamene ana asamukira kumseu. Zina ziyenda pazokha, zina zikhala m'magulu obulungira. Ndipo magulu otere odziwika apitirira 150.

Gulu lalikulu koposa onsewo lioneka bwino kwathu kuno, osafuna galasi. M'miyezi ya May ndi June, cimanga citalowa m'nkhokwe, munthu ali pa Mauwa aturuke panja atadya nsima ya madzulo, usiku wopanda mwezi ndi wopanda ciperoni, nayang'ane kumwera. Adzaona nyenyezi zinai zoima ngati mtanda, ndipo kudzanja lamanzere kwa mtandawo nyenyezi ziwiri zowala kwambiri. Akakweza maso pamwamba pa mpata wa pakati pa mtandawo ndi ziwirizo, kupitirira pang'ono msinkhu wa nkhonya imodzi dzanja litatambasuka, adzaona kanthu kotuwa ngati dontho la ufa pa nsaru yakuda. Dzina lace ndi Omega Centauri.

Ptolemy wa ku Alexandria anakalemba m'buku lace monga nyenyezi imodzi, zaka monga 150 pambuyo pa kubadwa kwa Kristu. Edmond Halley, ali pa cisumbu ca St Helena m'caka ca 1677, anaona kuti si nyenyezi wamba. Ndipo m'caka ca 1826 James Dunlop, ali ku Australia, anapenya ndi galasi loonera kutali napeza kuti ndi mpira wa nyenyezi zosawerengeka. Lero tidziwa kuti muli nyenyezi monga mamiliyoni 10. Kuti kuunika kwace kuyenda zaka monga 17,000 kusanafike m'maso mwathu. Ndi kuti msinkhu wace uli zaka monga mabiliyoni 12. Dzuwa lathu, lokhala nazo zaka mabiliyoni 4.6, lili mdzukulu cabe pamaso pa nyenyezi zimenezi.

Makalambidwe a Nyenyezi

Nyenyezi ndi mpira wa mpweya wotentha. Ndipo Cecilia Payne anasonyeza m'caka ca 1925 kuti mpweya wocuruka m'menemo ndi haidrojeni. Pakati peni peni pa nyenyezi, pamene kutentha ndi kupanikizana kuli kwakukulu, haidrojeni asandulika mpweya wina wochedwa hiliyamu, ndipo posandulikapo paturuka kuunika ndi kutentha. Tinene kuti haidrojeni ndiye nkhuni, ndipo hiliyamu ndiye phulusa.

Nyenyezi yolemera iyaka ngati udzu wa m'cilimwe: iwala koopsa, nitha msanga. Nyenyezi yopepuka inyeka ngati citsa, pang'ono pang'ono. Taonani Nsangwe, kagulu kaja ka nyenyezi zoyera kamene mwana ali yense akadziwa. Msinkhu wao uli zaka monga mamiliyoni 100 okha. Ndizo makanda a kumwamba, ndipo zowala koposa mwa izo sizidzaona ukalamba wautali. Mu Omega Centauri munalinso zotere paciyambi, koma zinatha kalekale. Zimene zatsala ndizo zopepuka kuposa dzuwa, zimene zanyeka mwakacetecete zaka zoposa mabiliyoni 10, osadziwika ndi munthu.

Tsono nkhuni za pakati zikatha, munthu akadayesa kuti nyenyeziyo idzazirala monga moto wa m'khicini. Koma sizitero ai. Phulusa la pakati lija lifinyana ndi kulemera kwace, ndipo pofinyanapo litentha koposa kale. Kutenthako kuyatsa haidrojeni wozinga phulusalo, amene sanayakepo ndi kale lonse. Ndipo moto watsopanowu ulusa kotero kuti ukankhira kunja thupi lonse la nyenyezi. Nyenyezi ifufuma kufikira kukula kwace kuposa dzuwa monga ka 100. Khungu lace lizizira pang'ono cifukwa ca kutambasuka, nilifiira monga citsulo ca m'cipala cifiira cikacoka pamoto. Koma kuunika kwace konse kucuruka, kufikira kuposa dzuwa monga ka 2,000. Nyenyezi zotere zichedwa zimphona zofiira.

Nyengo imeneyi ndi yaifupi, monga gawo limodzi mwa magawo 10 a moyo wa nyenyezi. Cifukwa cace zimphona zili zowerengeka pakati pa unyinji wa zinzao. Koma ngakhale zili zowerengeka, gawo lalikulu la kuunika kwa kadontho kaja tikaona pa Mauwa licokera kwa izo. Ndiponso pamene ziwala cotero zitaya thupi lao. Mpweya wao uuluka kunka kunja ngati mungu wa mapira, kotero kuti pofika cimariziro nyenyezi yataya monga gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwace. Iwala cifukwa ilikudzitha.

Phunziro Loyamba

Kodi zotere sitinazione ndi maso athu pansi pano? Matenda a Edzi anadziwika m'dziko muno m'caka ca 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 boma lathu la Chiradzulu linaika maliro osawerengeka. Amene anafa ndiwo a msinkhu wa pakati, eni makasu ndi eni ana. Dongosolo la moyo linatembenuka: amene anayenera kuikidwa ndi ana ao ndiwo anaika anawo. Pamenepo amai okalamba, amene anali atapacika kale khasu nayembekeza kudyetsedwa, analitsitsanso. Gogo mmodzi analera adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Anapita kuganyu ndi msana wopindika, anagulitsa nkhuku yotsiriza kuti mwana apeze kope ndi yunifomu, anagona ndi njala nati wakhuta. M'caka ca 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'boma lino, ndipo m'caka ca 2004 Boma linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse. Koma zisanafike zimenezo, ndipo ngakhale zitafika, mudzi unaima pa mapewa a nkhalamba.

Ana aja lero ndi akuluakulu. Ena ali aphunzitsi, ena anamwino, ena ali pa nchito ku Limbe ndi ku Johannesburg. Afunseni amene anawalera. Amai aja anakhala zaka zao zambiri osachuka, monga nyenyezi yonyeka mwakacetecete; ndipo kuwala kwao kwakukulu kunadza pamene mphamvu zao zinali kutha, ndipo kunawathera mphamvuzo msanga. Amene anena kuti tsabola wakale sawawa ayambe wayankha za amai amenewa.

Phunziro Laciwiri

Nyenyezi zokalamba zili nayo nchito yina: ndizo muyeso wa thambo. Mukaona kuunika usiku kutsidya kwa dambo, mudziwa bwanji ngati ndi koloboyi ali pafupi, kapena moto waukulu uli kutali? Simungathe, pokhapo mutadziwa mphamvu yeni yeni ya kuunikako. Bvuto lomweli lisautsa oyesa nyenyezi, ndipo nkhalamba ndizo zinawamasula.

Cimphona cofiira sicikula kosaleka. Phulusa la pakati likaunjikana kufikira monga theka la kulemera kwa dzuwa, ndi kutentha kwace kufikira madigiri mamiliyoni 100, phulusalo nalonso liyaka. Hiliyamu ayamba kusandulika kaboni, ndipo nyenyezi iphwa, nicepa kuwala. Popeza malire amenewa ali pafupifupi amodzimodzi kwa nyenyezi zonse za mtundu uwu, zimphona zowala koposa zilingana kuunika kwao kuli konse zipezeka. Ndiponso zitaphwa, zina mwa izo ziyamba kupuma ngati cifuwa ca munthu, kuwala ndi kuzirala, kuwala ndi kuzirala, tsiku lisanathe. Izi zichedwa RR Lyrae, ndipo nazonso zilingana mphamvu, monga madzuwa 50 iri yonse. Solon Bailey, pogwira nchito ndi zithunzi zojambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru, analemba m'caka ca 1902 za nyenyezi zosinthasintha zoposa 100 za mu Omega Centauri mokha. Cotero woyesa akapeza imodzi ya izi, ali ngati munthu wodziwa kukula kwa nyali. Aona m'mene yazimiririra, nadziwa kutalika kwa ulendo.

Taonani zimene zinapezeka ndi muyeso umenewu. M'caka ca 1918 Harlow Shapley, atayesa kutalika kwa magulu obulungira, anaona kuti aunjikana mbali imodzi ya thambo, pozinga malo ena akutali. Nazindikira kuti kumeneko ndiko pakati pa Mlalang'amba, ndi kuti dzuwa silikhala pakati monga anthu anayesa. Lero tidziwa kuti kucokera kuno kufika pakatipo kuunika kuyenda zaka monga 26,000. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene nyali za mzinda wa Los Angeles zinazimitsidwa cifukwa ca kuopa adani, Walter Baade anapeza thambo lakuda bii pa phiri la Mount Wilson. Najambula nyenyezi imodzi imodzi za pakati pa Andromeda, ndiwo mlalang'amba wina woyandikana ndi wathu. Anaona kuti zowala koposa kumeneko ndi zimphona zofiira zonga za m'magulu obulungira. Ndipo m'caka ca 1944 analengeza kuti nyenyezi zili za mitundu iwiri, imene pambuyo pace inadziwika kuti ndiyo mbadwo wa ana ndi mbadwo wa makolo. Ndipo m'caka ca 1952, pa Radcliffe Observatory ku Pretoria, David Thackeray ndi Adriaan Wesselink anapeza nyenyezi za RR Lyrae m'Mitambo ya Magellan, timitambo tiwiri toyera tija tioneka kumwera m'miyezi ya dzinja. Ndipo umboni wao unatsimikiza mau a Baade akuti milalang'amba yina ili kutali kawiri kuposa m'mene anthu anawerengera. Kufikira masiku ano Wendy Freedman ndi anzace agwiritsa nchito zimphona zofiira poyesa liwiro limene thambo lonse litambasuka nalo.

Mbiri ya Mlalang'amba nayonso iwerengedwa pa nkhalamba zomwezi. Combo ca Gaia, cimene cinaponyedwa kumwamba m'caka ca 2013, cinayesa mayendedwe a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Ndipo m'caka ca 2018 akatswiri anasonyeza kuti nyenyezi zambiri za mu halo sizinabadwire muno, koma zinadza ndi mlalang'amba wina waung'ono umene unalowana ndi wathu zaka monga mabiliyoni 10 zapitazo. Nyenyezi za dzulo sizikadatha kuulula zimenezi, pakuti panalibe izo.

Momwemonso m'mudzi. Boma la Chiradzulu lili lothinana, ndipo minda yacepa. Mlandu wa malire ukabuka, mfumu iitana yani? Iitana gogo amene anaona mtengo wa mpoza usanagwe, amene adziwa pamene panadutsa njira yakale ya kucitsime. M'dziko lino Amang'anja analandira Ayao m'zaka za m'ma 1860, ndipo pambuyo pace Alomwe anadza kucokera ku Mozambique. Adziwa ndani kumene banja lili lonse linacokera, ndi amene ali abale osayenera kukwatirana, koma nkhalamba? Mnyamata amene anaona njala ya 2002, kapena namondwe wa Freddy wa 2023, ayesa kuti tsoka lotere silinagwepo. Koma akali moyo owerengeka amene anaona njala ya 1949 ali ana, ndipo akhoza kunena cimene anthu anadya, ndi umo mudzi unadzukiranso. Wopanda muyeso ayesa koloboyi moto waukulu, nayesa moto waukulu koloboyi. Ndipo monga magulu akale anaphunzitsa Shapley kuti dzuwa silili pakati, momwemo kukhala pansi ndi wokalamba kuphunzitsa mnyamata kuti dziko silinayambe ndi iye.

Mau Otsutsa

Koma wina adzati, "Aphunzitsi, mwasankha nkhalamba zokoma zokha. Si onse okalamba ali anzeru. Alipo aukali, alipo aumbombo, alipo okaniza ana zabwino cifukwa ca kuumirira zakale. Alipo ena amene nzeru zao zabalalika, osadziwanso dzina la mwana wao, ongokhala pakhonde kudikira phala. Za malire lero alipo oyesa malo ndi mapepala ao. Za mbiri alipo mabuku. Nanga amenewo kuwala kwao kuli kuti?"

Mau awa ali ndi coonadi, ndipo sitiyenera kuwathawa. Imvi si nzeru. Ndipo mau a wamkulu ayenera kuyesedwa monga mau a munthu ali yense. Kumwambanso si nkhalamba zonse zili zimphona. Nyenyezi ikatha kutaya thupi lace, patsala kambulu koyera, kakang'ono ngati dziko lathu lapansi, kopanda moto m'kati, kongozizira pang'ono pang'ono ngati khala lotsala m'phulusa. M'magulu obulungira muli makala otere ambirimbiri, osaoneka ndi maso. Inde, ngakhale amenewa akatswiri anawapezera nchito. Pakuti monga mlenje akhudza phulusa la pacigono nadziwa tsiku limene alendo anacokapo, momwemo m'caka ca 2002 galasi la Hubble linayesa kuzizira kwa makala a m'gulu lochedwa M4, pafupi ndi nyenyezi yofiira Antares, nilipeza kuti gululo lili nazo zaka pakati pa mabiliyoni 12 ndi 13.

Koma yankho limeneli silikwanira. Tikati tilemekeza wokalamba cifukwa akali ndi nchito, tabvomereza kale mwambi wa tsabola. Tangotsutsa kuti tsabolayu akali kuwawa pang'ono. Tsono tsiku limene adzaleka kuwawa konse tidzatani naye? Apa ndipo pagona ngozi. Munthu amene ayesedwa ndi phindu lace lokha, phindulo likatha asanduka katundu. Ndipo katundu wolemera anthu amfunira cifukwa ca kumtulira. Cifukwa cimene cipezeka msanga m'midzi yathu ndico ufiti. Mwana akadwala, mvula ikacedwa, maso onse atembenukira kunyumba ya kumapeto kwa mudzi, kwa iye amene alibe mphamvu ya kuthawa kapena mwana wa kumuimira. M'mwezi wa January 2016, ku Neno, okalamba anai anaphedwa ndi khamu la anthu, atanenedwa kuti ndiwo anatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo loletsa kuchula munthu mfiti linaikidwa m'caka ca 1911, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo lina loteteza okalamba. Koma lamulo liletsa dzanja, silitembenuza mtima. Tifunika maziko ena olimba kuposa phindu.

Maziko Eni Eni

Tibwerere kwa nyenyezi kamodzinso. Kuunika kwa nyenyezi kukapatulidwa m'mitundu yace, monga mvula ipatula kuunika kwa dzuwa mu uta-wa-Leza, kuulula zimene zili m'thupi la nyenyeziyo. Poyesa cotero kunapezeka kuti nkhalamba za mu halo zili zosauka: zambiri citsulo cao sicifika gawo limodzi mwa magawo 10 a muyeso wa citsulo ca m'dzuwa, ndipo zina sicifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000. Cifukwa ninji? Cifukwa zinabadwa thambo likali losauka. Paciyambi, zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo, kunali haidrojeni ndi hiliyamu, ndipo pafupifupi panalibe kanthu kena. M'caka ca 1957 Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle anafotokoza umo zinthu zina zolemera zinasulidwira m'kati mwa nyenyezi, ndi kumwazidwa pa imfa yao. Zina mwa kuphulika, zina mwa kutaya thupi pang'ono pang'ono. Mibadwo ya nyenyezi inatsatana, uli wonse nusiyira unzace cuma coposa cimene unalandira. Ndipo pa cuma cimeneco panaumbika dzuwa ndi dziko lathu. Citsulo ca khasu lanu, ndi citsulo cimene cifiiritsa mwazi wanu, cinasulidwa m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe.

Cotero dzuwa lili lolemera cifukwa linadza mocedwa, ndipo nkhalamba zili zosauka cifukwa zinadza molawirira. Umphawi wao si manyazi ao. Ndiwo cizindikiro ca kuti ndizo za mbadwo umene unayamba wopanda kanthu. Mwana wa sukulu amene aseka agogo ace cifukwa sadziwa kulemba dzina lao, kapena kuyankha foni, alingalire bwino: anaumba njerwa za sukuluyo ndani? Anasenza mcenga wace pamutu ndani? Cinenero cimene alankhula, mbeu imene abzala, munda umene adzalandira, ngakhale thupi limene ayenda nalo, palibe cimodzi cimene anadzipangira. Tili amangawa tonse. Ndipo mangawa satha cifukwa wokongoza wafooka. Ngati gogo waiwala dzina lanu, inu simunaiwale lace.

Ndipo pali cina coposa mangawa, cimene nyenyezi sizingatiphunzitse. Pakuti apa fanizo lathu lithera. Nyenyezi siimva cisanu, siimva njala, siidziwa kuti yasiyidwa yokha. Iwala mosasankha, nitaya thupi lace mosadziwa. Koma amai aja analera ana amasiye anasankha, ndipo akadatha kukana. Ndiponso nkhalamba imene sinalere mwana, imene sinasiye munda kapena mbiri yokoma, nayonso imva cisanu ca June monga ife. Colakwa ca mwambi wa tsabola cili pamenepa: tsabola alipo kuti adyedwe, ndipo akasukuluka ayenera kutayidwa, koma munthu sali ndiwo za munthu mnzace. Mtengo wace sunacokere ku nchito yace, cifukwa cace sutsika nchito ikatha. Khanda silinagwire nchito iri yonse, koma palibe afunsa phindu lace asanalifunditse. Ndipo wokalamba ali munthu yemweyo amene anali khanda lija.

Tsono kodi titaye mwambiwo? Iai, tiusunge, koma tiuike pamalo pace. Unena zoona za mankhwala akale, za njira zina za kalimidwe zimene sizikwanira pa minda yocepa ya lero, ndi za miyambo imene ipweteka anthu. Za munthu sunena zoona. Ndipo ngakhale mlimi wa tsabola adziwa kuti wouma uja, wofota ndi wosakoma m'maso, ndiye asunga mbeu ya caka ca mawa.

Cotsalira kwa Ife

Ndipempha anyamata ndi asungwana a m'sukulu zathu: pitani kwa okalamba a kwanu akali moyo, muwafunse za njala ya 1949, za thangata, za kumene makolo anu anacokera, ndipo mulembe m'kope, pakuti nyenyezi za mu halo zidzadikira woyesa wina zaka zikwi zambiri, koma gogo wanu sadzadikira. Popita musapite ndi kope lokha. Tengani mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi. Ndipempha amene ali pa nchito kutali: ndalama ya pafoni ithandiza, koma siifolera denga lodontha ngati palibe wotumidwa, ndipo siiceza ndi munthu. Ndipempha mafumu ndi akulu a mipingo ndi a mizikiti: mphekesera ya ufiti muizime ikali kamoto, isanafike pa udzu; pakuti amene anali dambo lozimira moto wa ena ayenera kupeza wozima moto wolusira iwo.

Akatswiri atiuza kuti dzuwa nalonso lidzafufuma ndi kufiira, zitapita zaka monga mabiliyoni 5. Ife sitidzadikira nthawi yotere. Imvi zili panjira, ndipo ena a ife zatifika kale m'mbali mwa makutu. Ana athu alikupenya umo ticitira ndi amene anatibala, ndipo phunziro limenelo aligwira msanga kuposa onse a pa bolodi. Ciweruzo cimene tipereka lero pa mlandu wa tsabola wakale, ndico comwe cidzawerengedwa pa ife.

Mphunzitsi,
Mauwa, Chiradzulu.